Pakhonde pa Azakhali: Mtima ukugunda ngati chigayo, koma achipatala akuti ndili bwino

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Ndirande. Mwezi wamawa, Okutobala, kuli chinkhoswe changa ndi mkazi amene ndakhala naye pa chibwenzi zaka zitatu, ndipo ukwati woyera ndi mu Disembala. Vuto langa ndi thupi. Kumapeto kwa Julaye ndili m'minibasi yochokera ku Limbe, titangodutsa pa Chichiri, mtima unayamba kugunda ngati chigayo cha dizilo. Thukuta linali kamukamu, manja anachita dzanzi, pakhosi ngati wina wandikanyanga. Ndinakuwa kuti anditsitse, mpaka chenji ndinasiyira kondakitala. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu kudikira imfa, koma patapita kanthawi zonse zinangoti zii.

Kuchokera tsikulo zandichitikira kasanu. Usiku ndimadzidzimuka cha m'ma 2 koloko, maso gwa mpaka atambala kulira. M'mimba mumangobwata, m'mawa uliwonse liwiro la kuchimbudzi. Ndapita kuchipatala kawiri. Anandiyeza malungo, shuga, BP ndi kuchuluka kwa magazi, mtimanso anaumvetsera. Akuti zonse zili bwino, "mwina ndi maganizo, achimwene." Mawu amenewa anandinyansa chifukwa ine si wamisala. Mayi anga akuti mtsikana amene ndinamusiya ku Bangwe ndiye wandiyendera pansi, moti agula kale botolo la mafuta odzozedwa pa K15,000 kwa mneneri wina. Minibasi ndinasiya kukwera, ndikumayenda wapansi. Masana ndimamwa mabotolo awiri a zakumwa zopatsa mphamvu zija kuti ndisagwe, usiku kakachasu pang'ono kuti tulo tibwere.

Kodi ndalodzedwa, kapena ndi matenda a mtima amene makina awo sakuwaona?

Ndinaiwala kunena kuti mu Julaye momwemo kampani yathu inachepetsa antchito, ine ndinali m'gulu lomwelo. Bwenzi langa sindinamuuze, makolo akenso sadziwa. M'mawa ndimavalabe tayi n'kunyamuka ngati kale. Koma izi sizikukhudzana ndi matendawa.

Wosowa Tulo, Ndirande

Wosowa Tulo, mwana wa mlongo wanga,

Tafika kuno, khala pamphasapa. Koma yamba wavula tayiyo, ikundipweteka m'maso. Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiri nditavala mandala, ndipo ndaseka mpaka mdzukulu wanga wabwera kudzasuzumira ngati agogo ake ali bwinobwino. Wandiuza za mtima, za thukuta, za chimbudzi, za mtsikana wa ku Bangwe, ngakhale za chenji chimene unadyetsa kondakitala. Ndiye kumapeto kwenikweni, ndi mawu apansipansi ngati mwana woulula kuti mkate uja anamaliza ndi iye, ukuti "ndinaiwala kunena." Unaiwala! Ntchito inatha mu Julaye, chigayo chinalira mu Julaye, koma iwe ukuti sizikukhudzana. Chulukechuluke ngwa njuchi, mwananga, umanena iyo yakuluma. Yakuluma iweyo ili m'ndime yomalizayo.

Mwana wa eni wa ku Bangweyo musiyeni. Mwina pano ali pa banja, akutchedwa make uje, ndipo akakukumbukira n'chifukwa cha ambulera yake imene sunabweze. Ukawauze alamu angawo kuti K15,000 yotsatira agulire tambala wa pachinkhoswe. Kupemphera sindikuletsa, ine ndemwe Lachinayi lililonse ndimakhala nditavala bulauzi yoyera. Koma Mulungu sagulitsa chifundo chake m'timabotolo.

Malemu amuna anga anali ndi galu dzina lake Chenjerani. Anali galu wanzeru, wouwa pokhapokha pakhomo pakafika mlendo. Usiku wina kunabwera akuba mbuzi, anamugenda n'kumuthyola mwendo. Mwendo unapola, koma kuyambira pamenepo Chenjerani anayamba kuuwa chilichonse. Papaya likagwa, kuuwa. Mphepo ikagwedeza lata, kuuwa. Apongozi anga akatsokomola m'nyumba mwawo, kuuwa. Sanali wachiwewe ayi. Anali mlonda wokhulupirika amene wasiya kusiyanitsa wakuba ndi papaya.

Thupi lako nalo lili ndi Chenjerani wake. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene, ubongo ukangonunkhiza choopsa, kamathira m'magazi chinthu chotchedwa adirenalini. Ntchito yake ndi kukukonzekeretsa kumenya kapena kuthawa. Mtima umene pokhala phee umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi umawonjezera liwiro kuti magazi athamangire ku ntchafu ndi ku mikono. M'mimba ntchito yogaya imasokonekera, n'chifukwa chake mukubwata ndipo chimbudzi chasanduka ofesi yako yatsopano. M'kamwa mumauma, thukuta limatuluka kuti thupi lizizire. Umapuma mofulumira, ndiye umataya wambiri mwa mpweya uja timatulutsa popuma, pamene magazi amafuna utsaleko wina. Ukachepa, zala ndi milomo zimachita dzanzi, mutu umachita chizungulire. Ukakumana ndi ng'ombe yolusa panjira, zonsezi n'zimene zimakukweza mumtengo usanadziwe kuti umatha kukwera. Tsoka lake n'lakuti iwe ng'ombe yako ndi bodza limene ukuvala m'khosi m'mawa uliwonse, ndipo limenelo sulingathawire mumtengo.

Ndiye adokotala aja sanakutukwane. Sananene kuti ukunamizira, sananenenso kuti wapenga. Thukutalo ndi lenileni, kugundako n'kwenikweni. Anangokuuza kumene moto ukuchokera, iwe n'kukwiyira utsi. Chimene chinakugwira m'minibasi chija ndi mantha ogwa mwadzidzidzi. Kawirikawiri amafika pachimake m'mphindi 10, ndipo pomakwana theka la ola amakhala ataphwa. Amaopsa ngati imfa, koma iwe wemwe ndiwe mboni: kasanu konse wakhala pansi kuidikira imfayo, kasanu konse sinabwere. Mlendo wolonjeza kasanu osafika, sitimuphikiranso nsima.

Zikadzakuyambanso, usalimbane nazo. Khala pansi, ika dzanja pamimba, kokera mpweya m'mphuno ukuwerenga mumtima mpaka 4, kenako utulutse pakamwa pang'onopang'ono ukuwerenga mpaka 6, monga mayi wouzira phala la mwana. Mimba ndiyo izikwera ndi kutsika, osati mapewa. Kutulutsa mpweya mosafulumira n'kumene kumauza mtima kuti ng'ombe yapita. Koma gule saphunzirira pabwalo tsiku la chinamwali. Uziyeserera m'mawa ndi madzulo, mphindi zisanu zisanu, pamene uli bwinobwino, kuti tsiku la nkhondo thupi lidzakumbukire lokha.

Za minibasi, ubwerere. Ndikudziwa kuti ukuti wapeza nzeru poyenda wapansi, ndipo kuyendako pakokha ndi mankhwala, kumatentha adirenalini ndi kuitana tulo. Koma kuyenda chifukwa chothawa kumanenepetsa mantha. Lero wathawa minibasi, mawa udzathawa msika, mkuja tchalitchi, ndipo mu Disembala tidzakufunafuna kuseri kwa holo mkwatibwi ali yekha kutsogolo. Yamba pang'ono: kwera pa siteji imodzi, tsika pa yotsatira. Mawa masiteji awiri. Khala pafupi ndi zenera ngati ukufuna. Mtima ukayamba, upume monga ndakuuzira, ndipo usatsike mpaka utamva kuti wayamba kubwerera. Chenjerani tinamuchiritsa choncho: papaya likagwa, amuna anga ankapita naye pamtengopo kuti akanunkhize yekha. Ndipo ulendo uno chenji utenge.

Tsopano mabotolo akowo. Mwananga, galu akuuwa kale, iwe ukumuthira tsabola kumchira. Zakumwa zopatsa mphamvuzo zadzaza ndi kafeini, yemwe uja wa mu khofi ndi tiyi, ndipo ntchito yake ndi kuthamangitsa mtima ndi kuthamangitsa tulo. Kachasu naye ndi bwenzi lachinyengo: amakugwetsa msanga madzulo, koma akayamba kutha m'magazi pakati pa usiku amakudzutsa mtima uli m'mwamba. 2 koloko yako ija yachokera kumeneko. Zonse ziwiri uzisiye. Usakagulenso kwa mavenda timapiritsi togonetsa ta mtundu wa diazepam, timazolowereka msanga ndipo kutisiya ndi nkhondo ina.

Zonsezi ndi ndiwo chabe. Nsima yake nayi: ukamuuze mkaziyo sabata ino. Osati pa WhatsApp, osati kudzera kwa mlongo wake, koma maso ndi maso, masana, usanamwe kanthu. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ukuopa kuti akusiya? Ngati angakusiye chifukwa ntchito yatha, bola achoke mu Seputembala tisanalipire holo, kusiyana n'kuti adzachoke mu Febuluwale atanyamula mapoto onse a pa perekaniperekani. Koma ine amene ndaona maukwati ambiri kuposa mabasi amene iwe wakwera, ndikuuze: akazi ambiri umphawi amaupirira, chimene chimawatentha ndi kupusitsidwa. Akadzamva kwa mnzake wogulitsa kaunjika kuti mwamuna wake wa tayi amaswera pansi pa mtengo, ukwatiwo udzayamba ndi mlandu, ndipo mlandu suola.

Ukatero ukaonane ndi ankhoswe. Ntchito yawo si kugwira nkhuku pa chithunzi basi. Uwauze kuti thumba labooka, akambirane ndi akuchikazi. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe kholo la nzeru limene silidziwa kuti ukwati wa magalimoto khumi ndi wa anthu owerengeka. Chinkhoswe chimatheka pakhomo pansi pa mtengo wa mango, ukwati umadalitsidwa m'tchalitchi popanda holo, ndipo ana obadwa m'banja lotero amabadwa ndi zala zokwanira. Ufunsenso za ndalama zako. Lamulo la za ntchito la 2000 limati munthu wochotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito apatsidwe ndalama molingana ndi zaka zimene wagwirapo. Ngati sunalandire, ofesi ya zantchito ilipo, ndipo kumeneko ndiko tayi yakoyo ingagwire ntchito. Katapila yekha usamuyandikire.

Ngati pakatha milungu ingapo chigayo chikuliralirabe, bwerera kuchipatala ndi kabuku kako, ukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za maganizo. Ku Queens aliko, m'zipatala za maboma ambiri aliko, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Anthu akangomva za maganizo amaona geti la chipatala cha ku Zomba, pamene ochuluka amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ena amachira ndi uphungu wokha, ena amapatsidwa mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, amene amatenga milungu ingapo asanayambe kugwira, ndiye osawataya tsiku lachitatu ati sakuthandiza. Ku Zimbabwe nthenda yakoyi amaitcha kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri. Cha m'ma 2006 dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu, kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzi limodzi. Anaitcha Friendship Bench, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti okhala pa benchi paja ankapeza bwino kuposa anzawo olandira chithandizo cha masiku onse. Ukuona? Mpaka madokotala avomera kuti nkhalamba ngati ine ndi mankhwala.

Apa pokha ndasiya kuseka, tchera khutu. Ukadzamva kuwawa kofinya pachifuwa kotsikira ku mkono kapena kukwera ku nsagwada, ukadzakomoka, ukadzaona kuti phuma limakugwira pokwera chitunda, miyendo ikutupa, kapena ukuwonda ndi kutsokomola kopitirira milungu iwiri, usadzati Azakhali anati ndi papaya. Thamangira kuchipatala, chifukwa tsiku lina galu amauwa wakuba weniweni. Ndipo ngati usiku wina maganizo adzakunong'oneze kuti bola kungochoka pa dziko, udzadzutse munthu nthawi yomweyo, kaya ndi mayi ako, kaya mnzako, kaya abusa, n'kupita kuchipatala kukacha. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha, ochuluka amakhala amuna, ndipo ngongole ndi za m'banja sizisowa pa zifukwa zake. Ambiri mwa iwo anali anyamata abwino amene ankangoti "ndili bwino." Mutu umodzi susenza denga.

Khadi la chinkhoswe unditumizire. Ndidzabwera ndi K500 zangazanga zosinthasintha, ndipo ndikadzakuona utavala tayi ndidzadziwa kuti ulendo uno ili ndi chifukwa.

Azakhali ako

Azakhali,

Amuna anga anali mphunzitsi wamkulu, anapuma ntchito chaka chatha atakwanitsa zaka 60. Tinatuluka m'nyumba ya sukulu n'kubwerera kumudzi. Chibwerereni sagona, amadandaula kutentha pamtima ndi kupweteka kwa m'mimba, ndipo amangomwa Brufen wa pagolosale. Nsima akuti ikumaima pakhosi, malamba awonjezera mabowo awiri. Amadzuka 5 koloko n'kumayendera mapoto anga ngati akuyendera makalasi. Ana akuti ndi maganizo a penshoni basi, tingowasiya. Nditani?

Mayi Otopa, Mponela

Amayi anzanga,

Pepani, mwasanduka sukulu yonse nokhanokha: ndinu Sitandade 1, ndinu Sitandade 8, ndinunso komiti ya makolo. Munthu amene zaka zonsezi ana mazanamazana ankaimirira akalowa, lero akulonjeredwa ndi abakha okha. Maganizo alipo ndithu, ndipo n'zoona kuti amatha kuwotcha pamtima ndi kulanda tulo.

Koma anawo asafulumire. Mnyamata wa ku Ndirande uja ndamuseka chifukwa achipatala anayamba amuyeza. Aphunzitsiwa sanayezedwe, ndipo mwatchula zinthu ziwiri zimene sindiseka nazo: nsima kuima pakhosi, ndi lamba kuwonjezera mabowo. Nkhawa imatha kuchititsa munthu kumva ngati pakhosi pali kanthu, koma chakudya chikamakakamira potsika, munthu wa zaka 60 n'kumawonda, pafunika dokotala aone kum'mero. Khansa ya kum'mero ndi yofala kwambiri m'Malawi muno, tili m'gulu la maiko amene imapezeka kwambiri pa dziko lonse. Sindikuti ndi imeneyo, zoyambitsa zina zilipo zochizika mosavuta. Ndikuti musadikire kukolola. Pitani nawo ku chipatala cha boma sabata ino, mukanene mawu omwewa mwandilemberawa. Akasanza magazi kapena chimbudzi chikada ngati makala, ndi ulendo wa tsiku lomwelo. Brufen abiseni. Iye ndi aspirin amakanda m'mimba, ndipo zilonda zambiri za m'mimba zimachokera ku mankhwala otere kapena ku kachilombo kamene kamafa ndi mankhwala a kuchipatala, osati ku maganizo okha.

Akakana kupita, musakangane nawo. Mwamuna wotere salamulidwa, amapemphedwa kuti athandize. Auzeni kuti inu ndi amene mukufuna kukayezetsa BP ndipo mukuopa kupita nokha. Adzavala jekete mofulumira kuposa inu.

Mukabwerako, apezereni kalasi. Sukulu ya kwacha ikusowa aphunzitsi, banki m'khonde ikusowa mlembi wodziwa masamu, ana a Sitandade 8 a m'mudzimo akusowa wowakonzekeretsa mayeso. Munthu amene moyo wake wonse unkayendera belu, belu likasiya kulira thupi limasochera. Apatseni chodzukira 5 kolokoyo, mapoto anu apume.

Azakhali

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndikugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, uno ndi mwezi wachisanu ndi chitatu. Foni ikangolira n'kuona nambala ya kumudzi, mtima umadumpha, manja amanjenjemera. Mutu ndi mapewa zimandiwawa tsiku lililonse. Aliyense akufuna ndalama: fizi, feteleza, malata, maliro. Ndikakana akuti Joni yandisintha.

Mwana Wanu, Johannesburg

Mwananga,

Wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe. Kumudzi akuganiza kuti ku Joni marandi amayoyoka ngati masuku, sadziwa kuti iwe ukukolopa nyumba ya eni mpaka msana kuuma. Mapewawo akuwawa chifukwa nyama zake zakhala zokungika tsiku lonse kudikira foni, ndipo kukungikako kumakwera m'khosi mpaka kumanga mutu ngati duku lothina. Madzulo uziika kansalu ka madzi ofunda pamapewa, uzitambasula khosi, ndipo mapiritsi a mutu asakhale chakudya cha tsiku ndi tsiku, chifukwa akachuluka nawonso amabweretsa mutu. Ukapitirira, kapena maso akayamba kuchita chidima, pita ku kiliniki akakuyeze BP.

Koma foniyo ndiye tiikonze. Sankha munthu mmodzi kumudzi, mayi ako kapena amalume ako, ndipo unene ndalama imodzi imene uzitumiza pa mwezi, tsiku lake lodziwika. Ofuna fizi ndi ofuna malata azikagawana kumeneko, asamagawane iweyo. Ina uzisunga, chifukwa tsiku lodzabwerera anthu omwewo adzakufunsa chimene wabwera nacho. Lamulungu masana uziimba wekha, kungocheza, kufunsa za mvula ndi za amene wakwatiwa, kuti khutu lako likumbukire kuti nambala ya kwanu imabweretsanso kuseka. Upezenso Amalawi anzako kutchalitchi kapena kumzikiti, udye nawo nsima ya manja. Akati Joni yakusintha, uvomere mwaulemu: "Eya, yandiphunzitsa kuwerengera." Ndipo poti wadzitcha mwana wanga posaina kalatayi, dziwa kuti ine ndekha mwa abale ako onse sindikupempha kanthu. Koma ukamadzabwera pa Khirisimasi, bulangete lija la kambuku silinandiipirepo.

Azakhali